Menyu za BBS: chilolezo ndi chilankhulo zisamangidwe pamodzi

Bambo wina wandilembera imelo kuti wakhazikitsa BBS, pulogalamu imene anthu amasiyiranamo mauthenga ndi mafayilo, pa kompyuta yake ndipo anthu akulowamo kudzera pa telnet, njira yolumikizira kompyuta ina pa intaneti yoonetsa zilembo zokha. Akufuna kuti mlendo, membala wodziwika, wothandiza kuyang'anira ndi mwini wake, yemwe amatchedwa sysop, aliyense aziona menyu yomuyenera, m'Chichewa, m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi. Funso lake ndi lakuti, kodi ajambule menyu ya gulu lililonse m'chilankhulo chilichonse?

Bambo, musatero. Magulu 4 m'zilankhulo 3 ndiye kuti mafayilo 12 pa menyu imodzi yokha, ndipo tsiku limene mudzawonjezere chipinda chatsopano cha mauthenga mudzayenera kukonza onsewo popanda kuiwalapo ngakhale imodzi. Njira imeneyo inalipo ndithu: pulogalamu yakale ya BBS yotchedwa PCBoard inkasankha fayilo yoti ionetse poyang'ana dzina lake, mmene munkalembedwa nambala ya mlingo wa chilolezo cha munthu, chilembo G ngati muli mitundu, ndi zilembo zakumapeto zosonyeza chilankhulo. Koma mapulogalamu amene ambiri akugwiritsa ntchito lero amalola kuti funso lakuti munthu waloledwa chiyani likhale palokha, ndipo funso lakuti akuwerenga chilankhulo chiti likhalenso palokha.

Chilolezo chiikeni pa lamulo lenileni la pa menyu, kutanthauza ntchito imene imachitika munthu akadina chilembo. Mu pulogalamu ya BBS ya Mystic, milingo imafika 255, ndipo mukalemba s50 pa lamulo ndiye kuti lagwira kwa aliyense wa mlingo 50 kupita m'mwamba, chizindikiro cha ! chimakaniza, pomwe | chimatanthauza kuti chimodzi mwa ziwiri chikwanira. Mu pulogalamu ina ya Synchronet milingo imachokera pa 0 kufika pa 99, sysop amayambira pa 90, ndipo mumalemba mawu omveka monga LEVEL 50 AND FLAG A. Apa ndi pamene ndikufuna muikepo mtima kwambiri, chifukwa ambiri amaganiza kuti akachotsa mzere pa chithunzi cha ANSI, chimene chimaonetsa menyu pa sikirini, ndiye kuti atseka khomo. Chithunzicho ndi chongoonetsa basi. Ngati lamulo lofufutira mauthenga lilibe chilolezo chake, mlendo akangodina chilembo chake, kaya mwadala kaya mwangozi, lamulolo ligwira ntchito ngakhale silikuoneka pa sikirini.

Musachulutsenso milingo. Mlingo uli ngati makwerero, wam'mwamba amatenga zonse za wam'munsi, choncho suthandiza pamene mukufuna kuti munthu mmodzi aziyang'anira mafayilo okha koma asakhudze maakaunti a anzake. Ntchito yotere ndi ya flag: mumupatsa chilembo chimodzi, ndipo lamulolo lifune chilembocho.

Chilankhulo tsono chikhale m'malo mwake. Mystic imasunga mawu ofunsira, menyu ndi zithunzi mu theme imene munthu amasankha yekha, pomwe Synchronet imasunga mawu ake m'fayilo ya text.dat. Mukamamasulira, kumbukirani kuti mzere wa sikirini umatenga zilembo 80 zokha, ndipo mawu athu ndi aatali. Menyu imene m'Chingerezi ili ndi mizati itatu nthawi zambiri m'Chichewa imafunika iwiri. Pa zilembo zodina, maganizo anga ndi akuti zikhale zofanana m'zilankhulo zonse, M akhale wa mauthenga ndipo F wa mafayilo paliponse, kuti membala akamalangiza mnzake wowerenga chilankhulo china asamusocheretse.

Palinso vuto la zilembo. BBS zambiri zimagwiritsabe ntchito CP437, ndondomeko ya zilembo ya IBM PC ya 1981, imene ili ndi é, ç ndi ñ koma ilibe ã ndi õ za Chipwitikizi, ndipo ŵ wathu mulibenso. Pa Chichewa lembani w wamba, monga ambiri amalembera kale. Pa Chipwitikizi pali CP860, koma imaoneka bwino pokhapokha pulogalamu ya wolowayo yaikidwanso chimodzimodzi, choncho muwauze zimenezi pa sikirini yoyamba asanasankhe chilankhulo.

Mukamaliza, musayesere ndi akaunti yanu ya sysop, chifukwa imatsegula pafupifupi chilichonse. Pangani akaunti ya mlingo wotsikitsitsa, lowani m'chilankhulo chilichonse, ndipo pa menyu iliyonse dinani zilembo zonse za pa kiyibodi, kuphatikizapo zimene sizinalembedwe pa sikirini.