Mabuku a mtsikana wa Fomu 2, ndi za makabati okhoma aja

Mayi, mwana wanu wa zaka 15yo sadana ndi kuwerenga ayi. Akukana chifukwa zimene amapatsidwa sizimukhudza. Mwati ali Fomu 2 pa CDSS kuno ku Kasungu ndipo mukufuna nkhani zopeka koma zokamba moyo weniweni, osati za mizukwa kapena ana a mafumu a kunja. Zilipo, zina zinalembedwa ndi a Malawi anzathu. Koma amene akukuuzani kuti "angopita kulaibulale ya kusukulu" akundiwawitsa mtima, chifukwa akudziwa bwino lomwe zimene zimachitika.

M'sukulu zambiri mabuku alimo, inde, koma ali m'kabati mu ofesi ndipo kiyi ali m'thumba la munthu mmodzi. Makatoni akabwera kuchokera kwa akufuna kwabwino, ana amaimba nyimbo, zithunzi zimajambulidwa, alendo akangotuluka pageti loko khethe. Eti ana aononga. Eti oyendera sukulu akabwera tidzasowa chowaonetsa. Kabatiyo amaigunditsa kukhoma, pansi simenti inasweka kalekale, mvula ndi kuyamba mu Novembala. Dzatseguleni mu Epulo muone. Chiswe sichiyamba ndi chikuto, chimalowera kumbuyo kwa kabati, ndi kumanga timisewu ta dothi m'mbali mwa thabwa, ndi kuyamba kudya kumsana kwa buku kumene kuli guluu. Kunja bukulo limaoneka lamphumphu, dzina likuwerengeka bwinobwino. Ukalinyamula chikuto chimatsalira m'manja, zam'kati ndi kukhuthukira pansi ngati gaga. Amene ali pashelefu yapansi amamatirirana chifukwa cha chinyezi, khumi kukhala chibuma chimodzi chakuda ndi nkhungu, fungo lake lokhetsa chimfine. Mabuku oti sanatsegulidwepo, ena akadali ndi chidindo chatsopano patsamba loyamba. Ndiye amaitana ana omwe aja ankakanizidwa kuwagwira, kuti atute pawilibala akatenthe kuseri kwa zimbudzi. Mwana akutola tsamba limodzi lopulumuka, kuliwerenga ali chiimire pafupi ndi moto, wina ndi kumukalipira kuti afulumire. Wosunga kiyi uja mawa lake ali pamsonkhano wa makolo, osachita manyazi, akuti ana a masiku ano alibe chidwi ndi mabuku, angodziwa mafoni. Abale, zimenezi zimandinyansa. Ndi anthu omwewo amene akapeza mtsikana ali ndi kabuku ka nkhani m'kati mwa kope amamulanda, kumuimika pa asembule kuti akuwerenga za zibwenzi, chonsecho iwo sanatsegule ngakhale tsamba limodzi kuti aone kuti mukukambidwa chiyani.

Tisaiwale kuti William Kamkwamba wa ku Wimbe, atasiya sukulu chifukwa cha fizi nthawi ya njala ya 2001 mpaka 2002, anakapeza buku la zamagetsi m'kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulaimale, chifukwa kanali kotsegula. Buku lake, The Boy Who Harnessed the Wind, la 2009, si nkhani yopeka, ndi mbiri yake yeniyeni, koma mwana wa kuno ayambire pamenepo ndithu. Muli Wimbe, muli mizere ya pa ADMARC, muli anthu akudya gaga, muli galu wake Khamba amene anawonda mpaka kufa. Mwana akaona dzina la dera lakwawo litadindidwa m'buku maso amatseguka mwina. Funani lija analifupikitsa kuti likhale la achinyamata, linatuluka mu 2015, Chingerezi chake n'chofewa. Lalikulu lija limamutopetsa wa Fomu 2 asanafike pakati.

Tsopano zopeka zenizenizo. Kwa mtsikana wa msinkhu umenewu loyamba ndi The Heaven Shop la Deborah Ellis, la 2004. Wolembayo ndi wa ku Canada koma nkhani yonse ikuchitikira ku Malawi. Binti Phiri ali ndi zaka 13, amachita nawo sewero la pawailesi ku Blantyre ndipo amadzimva kuti ndi munthu. Bambo ake amakhoma mabokosi a maliro. Atamwalira ndi Edzi, achibale akufika, kugawana katundu, kugawananso anawo: Binti ndi mchemwali wake Junie kupita ku Lilongwe kukasanduka antchito m'nyumba ya abale awo omwe, mchimwene wawo Kwasi kupita kunyanja. Pamapeto pake Binti akukapezeka kwa agogo ake ku Mulanje, amene akulera gulu la ana amasiye. Chimene ndimalikondera bukuli n'chakuti Binti si mngelo. Ndi wonyada, amanyoza, amalakwitsa, ndiye mwana wowerenga samva ngati akulalikiridwa. Koma dziwiranitu kuti zimene Junie akuchita kuti apeze ndalama zikukambidwa mosabisa kwenikweni, ndipo mwana wanu adzakufunsani. Muyankheni, musamulande bukulo.

Lachiwiri, akamaliza limenelo, Nervous Conditions la Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe, la 1988. Chingerezi chake n'cholemererako, ziganizo zitalizitali, koma mitu yoyambirira imamugwira mtsikana aliyense wa kumudzi. Tambu akuuzidwa kuti ndalama za sukulu zilipo za mwana wamwamuna yekha. Iye akupempha mbewu, kulima kamunda kake ka chimanga kuti agulitse mondokwa apeze fizi, mchimwene wake Nhamo ndi kumaba chimangacho kukagawira anzake. Mwayi wa sukulu ya mishoni akuupeza pokhapokha mchimweneyo atamwalira. Mtsikana wa ku Santhe kapena ku Chamama amene anamvapo mawu akuti "fizi ya uyu idikire tigulitse fodya" safunika kumumasulira nkhani imeneyi. Mwana wanu akatopa pakati pomwe nkhani ikulowa kwa Nyasha, m'bale wake wa Tambu, ndi bambo ake a Nyashayo, msiyeni alisunge, adzabwereranso ali Fomu 3.

Musanyoze a Chichewa. Makolo ambiri amaganiza kuti buku la Chichewa silithandiza pamayeso a Chingerezi, ndiye amalidumpha, koma mwana amene sanamalizepo buku lililonse ayenera kumva kaye kukoma kofika tsamba lomaliza, ndipo m'chilankhulo chake amafikako m'masiku awiri kapena atatu. A Willie Zingani analemba Njala Bwana, Madzi Akatayika ndi Ndaziona Ine, timabuku tating'ono ta Chichewa choyenda. A Jolly Max Ntaba ali ndi Mtima Sukhuta ndi Ikakuona Litsiro Sikata. Nthondo la a Samuel Josiah Ntara, la 1933, likutsata mnyamata kuyambira kubadwa, kukula ndi khalidwe lakuba, kupita kukasaka ntchito kutali, mpaka kudzakhala mfumu. Vuto la Nthondo n'lakuti ana amalidziwa ngati buku la mayeso, ndiye akaliona amaganiza za mafunso. Limenelo musayambire, adzakumana nalo yekha.

Chimodzimodzi Smouldering Charcoal la Tiyambe Zeleza, la 1992, limene ambiri analiwerengera MSCE. Ndi buku lamphamvu, la Mchere wogwira ntchito kubekale ndi Chola mtolankhani, sitiraka, makadi a chipani, ndende. Koma si la zaka 15 zoyambira kuwerenga. Muli nkhanza za m'ndende ndi za akazi kuchitidwa chipongwe. Lidikire Fomu 3 kapena 4. Purple Hibiscus la Chimamanda Ngozi Adichie, la 2003, Kambili amene akufotokoza nkhaniyo alinso ndi zaka 15, ndiye anthu amathamangira kulipereka. Onani kaye. Bambo ake ndi munthu wopemphera kwambiri, wolemekezeka kutchalitchi, koma kunyumba amamenya mkazi wake mpaka kupita padera, ndipo pena akuthira mwana madzi owira kumapazi. Kwa mwana amene kwawo kuli mtendere ndi buku lotsegula maso. Kwa mwana amene akuona zoterezi kunyumba kwawo likhoza kumugwetsa mphwayi kapena kumuliza usiku wonse, ndiye pakhale munthu wamkulu woyankhula naye. Weep Not, Child la Ngugi wa Thiong'o, la 1964, ndi lalifupi ndipo anyamata amalikonda: Njoroge waika mtima wonse pasukulu, bambo ake akugwira ntchito pamunda wa mzungu womwe kale unali wa makolo awo. Mwana wa tenanti pa esiteti ya fodya amalimva msanga. Komanso kumapeto Njoroge akufuna kudzipha, ndiye musangolisiya patebulo n'kuchokapo.

Ndikudziwa kuti ndangodandaula za olanda ana mabuku, koma ndinenabe: inu mayi werengani kaye buku lililonse musanalipereke, ngakhale mitu itatu yoyamba ndi womaliza. Ena mwa amenewa mukaona kuti sanafike msinkhu wake, abiseni chaka chimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti inu mwawerenga ndipo mukumudziwa mwana wanu.

Za Chingerezi, pali kayesedwe kosavuta. Mutsegulireni tsamba la pakati, osati loyamba, awerenge mokweza, ndipo akapeza liwu losalidziwa apinde chala. Zala zisanu zikatha tsamba lisanathe, bukulo n'lolemera, sinthani. Chala chimodzi kapena ziwiri, n'labwino. Musamupatse dikishonale kuti azifufuza liwu lililonse, nkhani imafa, amagona. Alembe mawu ochepa kumbuyo kwa kope, adzafufuze akamaliza mutu. Yambani ndi mabuku osapitirira masamba 150. Timabuku ta Pacesetters tija tinkazungulira m'sekondale kale n'tabwino pantchito imeneyi mukatipeza, ndipo Sugarcane with Salt la James Ng'ombe, la dokotala wobwerera kumudzi kuchokera ku England n'kupeza banja lakwawo litasokonekera, lingabwere pambuyo pake. Ndiponso musamufunse "waphunzirapo chiyani". Funso limenelo ndi la m'kalasi ndipo limatseka mwana pakamwa. Mufunseni kuti Binti analakwa kapena ayi, kapena kuti akanakhala Tambu akanamutani mchimwene wake, muone mmene ayankhulire.

Kopeza: funsani ku National Library Service mmene mwana angalembetsere kuti azibwereka, yang'anani m'masitolo a CLAIM makamaka a Chichewa, ndipo amene amapita ku Lilongwe muwatume kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu. Kwa ogulitsa amenewa tsegulani kumapeto muone ngati masamba omaliza alipo, chifukwa ndi amene amayamba kuthothoka, ndipo palibe chopweteka mwana ngati kuwerenga masamba 180 n'kupeza mathero palibe. Onaninso manambala a masamba pakati. Mabuku ojambulidwa pafotokope amadumpha masamba, inki yake imayera ndipo imapweteka maso akamawerengera tochi. Za pafoni sindikulimbikitsa kwenikweni kwa msinkhu uwu: bandulo imatha, batire limatha, ndipo uthenga wa WhatsApp ukalowa buku laiwalika.

Mukagula awiri kapena atatu, anzake ayamba kubwera kudzabwereka, ndipo apa ndiye mumangitse. Kutirani chikuto ndi pulasitiki yoonekera, kumsana mumate selotepi yaikulu bukulo lisanayambe kuyenda. Lembani dzina m'kati mwa chikuto ndi patsamba lina la pakati, chifukwa wakuba amang'amba loyamba. Gulani kope lachikuto cholimba, mulembe dzina la wobwereka, tsiku, ndi kwawo. Masabata awiri basi, ndipo buku limodzi pa munthu. Wobwereka asabwereketsenso wina, chifukwa likadutsa manja atatu silibwerera, aliyense amaloza mnzake. Nthawi ya tchuthi chachitali musabwereketse kwa ana ochokera kutali, ambiri amasintha sukulu osatsanzika. Amene wataya buku asatengenso lina mpaka abweretse lina lililonse la nkhani m'malo mwake. Kosungira kukhale thiranki yachitsulo, yoikidwa pa njerwa ziwiri kapena zitatu, motalikirako ndi khoma mwina chikhatho chimodzi, ndipo muziitsegula sabata iliyonse nthawi ya dzinja kuti muone ngati mulibe chinyezi kapena timisewu ta chiswe. Loko muike ndithu. Kiyi asunge mwanayo.