Mwana wapeza 97 pa mayeso a vayolini, ndiye asiye?

Imelo yanu yandikhudza, achemwali, moti zimene ndinakonza kulemba sabata ino ndayamba ndaziika pambali. Mwalemba kuchokera ku Manchester kuti mnyamata wanu wazaka 11 wapeza malikisi 97 pa Giredi 3 ya vayolini ya ABRSM, bungwe la kuno loyesa mayeso a nyimbo, pomwe kuti munthu akhoze pamafunika 100. Vayolini waitsekera m'bokosi lake, bambo ake akuti ndalama zangolowa m'madzi, inu mukufunsa ngati mumulembetsenso kapena mungomusiya. Dzina lanu sinditchula, monga munapempha.

Mundilole ndiyambire kutali, chifukwa mnyamata wanuyo ndikumumvetsa kuposa mmene mungaganizire.

Ine ndinakulira ku Ndirande. Nyimbo ndinaziphunzira kutchalitchi, pa kiyibodi yakale imene makiyi ake ena anali atasiya kulira. Panali bambo wina amene ankaiimba Lamulungu lililonse, ine n'kumakhala pambali pake kuyang'ana zala. Sanandiphunzitsepo ndi pakamwa. Akatuluka panja ndinkakhala pampando wake, akabwera n'kundipeza ndikusakasaka makodi ankangogwira chala changa chimodzi n'kuchiika pamalo pake. Pofika zaka 13 ndinali nditayamba kuimbira Sande sukulu ndi maukwati. Amene munakulira m'matchalitchi akwathu mukuidziwa ntchito imeneyi. Amayi a mvano amangoyambitsa kolasi pa kiyi imene khosi lawo lafuna tsiku limenelo, sakuchenjeza, ndipo iwe ukhale utaipeza mzere woyamba usanathe. Akakwera pakati pa nyimbo, umakwera nawo. Kukwaya tinkaphunzira ndi doh, re, mi zolembedwa pa bolodi, sopulano, alito, tena ndi besi aliyense mzere wake. Njira imeneyi ndi ya ku England konkuno. Anaiyambitsa Sarah Glover wa ku Norwich, John Curwen n'kuikonza ndi kuifalitsa m'zaka za m'ma 1800, amishoni n'kupita nayo kwathu. Kwathu inakhazikika, koma nditafika kuno anzanga a m'kalasi sankaidziwa n'komwe.

Tinasamukira ku Leeds ndili ndi zaka 14. Aphunzitsi a nyimbo kusukulu atandimva ndikuimba piyano nthawi yopuma, anauza mayi anga kuti andipezere mphunzitsi wapadera ndiyambe magiredi. Mayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ya usiku, ndipo ndalama ya phunziro lililonse inkachoka pa ndiwo. Tsiku loyamba mphunzitsiyo anandiikira pepala la manotsi patsogolo, mizere isanu ndi timadontho takuda. Sindinkadziwa poyambira. Ananditsegulira buku la Giredi 1.

Tsiku la mayeso ndinakhala m'chipinda chodikirira pamodzi ndi ana ang'onoang'ono amene miyendo yawo sinkafika pansi, ine mtsikana wamkulu woti ndinaimbirapo maukwati. Mayeso a Giredi 1 amatenga mphindi pafupifupi 12 basi. Woyesa anali bambo waulemu, wolankhula motsitsa, ankalemba osadzutsa mutu. Pa mayeso a khutu, pamene amakuimbira kachigawo ka nyimbo kuti ubwereze ndi mawu kapena uwombe m'manja motsatira kugunda kwake, ndinapeza malikisi onse. Pa sight-reading, pamene amakupatsa nyimbo yoti sunaionepo, theka la mphindi kuti uiyang'ane, kenako uimbe, ndinagwa.

Zinapitirira choncho. Ndinkakhoza chifukwa cha nyimbo zitatu zokonzekera, zimene ndinkaziloweza ndikangozimva. Pa Giredi 5 nyimbo zinatalika, khutu lokha silinakwanenso, ndipo ndinalephera. Pepala la zotsatira lokha ndikanatha kupirira nalo. Amene anandilasa ndi mawu amene mphunzitsi uja anauza mayi anga ine ndili pomwepo, akuti kuimba kwa kutchalitchi kunandiwononga, ndiye ndiyambe ndaiwala zonse za kumeneko. Mayi, poti ankalemekeza munthu wophunzira, anangovomera. Ine ndinatseka piyano. Ngakhale kuimba potsuka mbale ndinasiya.

Chimene chinandibweza ndi maliro. Munthu wina wa kwathu anamwalira ku Bradford, ndipo monga timachitira, anthu ankasonkhana panyumba madzulo podikira kuti thupi linyamuke kupita kumudzi. Panali kiyibodi ya ana a m'nyumbamo, koma woimba panalibe. Agogo ena amene ankandidziwa kuyambira ku Ndirande anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwanawe, khala apo." Ndinaimba mpaka usiku kwambiri, amayi akuyambitsa, ine ndikuwatsatira, ndipo zala zinakumbukira zonse. Patapita miyezi ndinapeza mphunzitsi wina, agogo achizungu amene ankaimba limba kutchalitchi kwawo. Iwo anayamba andimvetsera ndikuimba za kwathu, kenako anati khutu ndili nalo kale, chotsala ndi maso. Analeka kundiimbira nyimbo yatsopano ndisanaiwerenge ndekha. Tsiku lililonse ndinkawerenga kanyimbo kamodzi kosavuta, ka giredi yotsika kwambiri, kuimba kamodzi kokha n'kupita kena. Giredi 5 ya piyano ija sindinaibwereze. Ndinalemba Giredi 5 ya theory, mayeso olemba a malamulo a nyimbo, n'kupita ku Giredi 6 ya piyano, mpaka ndinamaliza 8. Lero ndimaphunzitsa piyano, ndipo ana anga a m'kalasi ndimawalembetsa mayeso omwewa.

Ndiye musandiyese mdani wa magiredi. Koma pali zimene zimandiwawa, ndipo lero ndizinena.

ABRSM inakhazikitsidwa ku London mu 1889, ndipo chimene imayesa imachiyesa bwino. Malikisi onse ndi 150. Nyimbo zitatu zokonzekera zimatenga 30 iliyonse, kutanthauza 90. Masikelo, kuimba doh, re, mi mokwera ndi motsika, ndi 21, sight-reading 21, mayeso a khutu 18. Pa 100 wakhoza, pa 120 ndi merit, pa 130 ndi distinction. Mphunzitsi amene akuopa kuti makolo amuthawa amayang'ana pomwe pali malikisi ambiri, ndiye mwana amangoimba nyimbo zitatu zomwezo kuyambira September mpaka June. Zina zija amazikumbukira mayeso atatsala masabata ochepa. Kwanga kumafika ana onyamula satifiketi ya Giredi 5, koma ukawapempha kuti aimbe nyimbo ya tsiku lobadwa popanda pepala, manja amauma. Ukawaimbira kolasi kuti aipeze pa piyano amakuyang'ana ndi mantha. Ana amenewa si aulesi. Anawamana nyimbo. Tsono taganizirani za mnyamata wanu. Ngati chaka chonse chimene ankadziwa kuimba ndi nyimbo zitatuzo, ndipo munthu wachilendo walemba papepala kuti sizinakwane, watsala ndi chiyani choti angaimbe akatsegula bokosi lija? N'chifukwa chake walitseka.

Mayesowa ali ngati kupita ndi mwana kusikelo. Amakuuza kuti akulemera bwanji lero, koma palibe mwana ananenepapo chifukwa chomupima pafupipafupi. Chimene chimamukuza ndi chimene akudya kunyumba.

Ndipo ife makolo a kwathu amene tili kunoku ndi amene tikuipitsa zinthu, ndinene mosabisa. Tikatuluka m'tchalitchi, mbale za nsima zili m'manja, funso limakhala lakuti, "Wanu ali giredi chani?" M'magulu a WhatsApp timaponya zithunzi za masatifiketi, koma sindinaonepo wina akuponya kavidiyo ka mwana akuimbira agogo ake pa foni. Ana amamva zonsezi. Amadziwa kuti vayolini ili pa mndandanda umodzi ndi tuisheni ya masamu ndi mayeso a 11-plus olowera kusekondale zina, kuti ndi chinthu chosangalatsira akuluakulu. Ine funso limeneli ndinasiya kuliyankha, kaya likukhudza ana anga obereka kaya a m'kalasi. Mwana amene akuthamangitsidwa kuti apeze giredi imodzi chaka chilichonse, kawirikawiri amasiya akangolowa kusekondale, ndipo akasiya sabwereranso. Ndawaona.

Ena amati n'za ku yunivesite. Zoona, Giredi 6, 7 ndi 8 zili ndi mapointi a UCAS, amene amawerengedwa pofunsira malo ku yunivesite kuno. Giredi 1 mpaka 5 zilibe. Distinction pa Giredi 8 imapereka mapointi 30, pomwe C pa A-level ndi 32, komanso mayunivesite ambiri amafuna kuona magiredi a A-level enieniwo, sawerengera mapointi. Ngati cholinga ndi chimenecho, zaka zonsezo ndi ndalama zonsezo zikanapindula kwina.

Ndikudziwanso kuti pali amalume amene awerenga izi n'kunena kuti, "Ndimanena ine, a Kachamba analemba mayeso ati?" Amalume, pamenepo sindikugwirizana nanu. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka analidi akatswiri, moti Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wa ku Austria, anawajambula mu 1967 ndipo nyimbo zawo zinafika mpaka ku Ulaya. Koma anyamata amenewo ankaimba tsiku ndi tsiku pamaso pa anthu a mu Blantyre, ndipo anthuwo akapanda kukondwa ankangopitiriza ulendo wawo. Woyesa wouma mtima kuposa ameneyo kulibe. Mwana wa ku Manchester amene amaimba yekha kuchipinda chogona alibe zimenezo. Komanso vayolini ndi chida cha m'gulu. Mu okesitira amakupatsa pepala, wotsogolera n'kukweza dzanja, ndipo wosadziwa kuwerenga amangokhala pamenepo. Ine manyazi a kusadziwa kuwerenga manotsi ndinawalawa, sindingafunire mwana wa munthu. ABRSM ilibe giredi ya bangwe kapena ya ng'oma za chimtali, ndipo zimenezo sizichepetsa bangwe. Koma mwana wanu ananyamula vayolini, ndiye aphunzire zonse ziwiri, khutu ndi maso.

Za bambo ake

Musakangane nawo za ndalama, chifukwa akunena zoona kuti ndi zambiri. Phunziro la sabata iliyonse, mabuku, nsambo zikaduka, ndalama yolembetsera imene imakwera giredi ikamakwera, kuwonjezera pamenepo woimba piyano woperekeza mwana pa tsiku la mayeso, amenenso amalipidwa payekha. Koma muwauze kuti ndalamazo anagulira zaka zimene mwana waphunzira kugwira uta ndi kupeza mawu pa chida chopanda makiyi, pomwe chala chikangosuntha pang'ono mawu alakwika. Zimenezo zikadali m'manja mwake. Chinthu chimodzi chokha ndikuwapempha bambowo: nkhani ya ndalama isakambidwe mwana akumva. Mayi anga ndalama zinkawavuta kuposa inu, koma tsiku limene ndinalephera sanatchulepo paundi ngakhale imodzi, ndipo n'chifukwa chake ndinatha kubwerera.

Nanga mayesowo?

Musamulembetse teremu ikubwerayi. Tengani pepala la zotsatira, mukhale ndi aphunzitsi ake inu nokha, muone pomwe malikisi anathawira. Mzere wokhozera ndi 20 pa nyimbo iliyonse, 14 pa masikelo, 14 pa sight-reading ndi 12 pa khutu, ngakhale chimene chimawerengedwa pamapeto ndi zonse pamodzi. Pansi pa gawo lililonse woyesa amalemba ndemanga, ndipo ndemangazo n'zaphindu kuposa nambala. Kubwereza Giredi 3 si lamulo. Akakonzeka atha kupita ku 4. Chimene ABRSM imafuna ndi Giredi 5 ya theory, kapena zina zofanana nayo zimene imavomereza, asanayambe 6. Ngati mwanayo amanjenjemera pamaso pa mlendo, kuyambira 2020 kuli Performance Grade, ya nyimbo zinayi zojambulidwa pa vidiyo. Kulinso bungwe lina la mayeso a nyimbo, Trinity College London, kumene malikisi ndi 100, kukhoza ndi 60, safuna theory, ndipo m'magiredi otsika mwana amasankha mayeso awiri owonjezera, kuphatikizapo kupeka nyimbo pompopompo.

Pakali pano mufunseni nyimbo imene amaikonda, kaya ya m'filimu kaya ya kutchalitchi, aphunzitsi ake amuthandize kuipeza ndi khutu. Mufufuze kusukulu kwake kapena ku khonsolo za kagulu ka ana oimba vayolini Loweruka, akakhale pakati pa anzake. Aphunzitsiwo akakana zonsezi n'kumaumirira nyimbo zitatu zina za mayeso, pezani wina, musachite manyazi.

Muonenso ngati vayoliniyo sinamuchepere. Pa msinkhu wakewo ana amakula mofulumira, ambiri amakhala pa 3/4 kapena akuyandikira yaikulu, ndipo chida chochepa chimapanikiza zala n'kulakwitsa mawu mwana asakudziwa chifukwa chake. Kusitolo ya zoimbira angamuyeze mkono. Pepala la zotsatira lija mulijambule munditumizire pa imelo yomweyi, ndiliwerenge ndikuuzeni zimene ndikuona.