Injini Ikunjenjemera Galimoto Itaima

Funso: Ndikaimitsa galimoto injini ikulira, singano ya rpm (yoonetsa liwiro la kuzungulira kwa injini) imakwera n'kutsika, mwina n'kuzimiratu. Makina oyezera mavuto a galimoto a OBD-II aonetsa P0171. Kodi ndigule sensa yatsopano?

Yankho: Musathamangire kugula. P0171 ikungonena kuti mpweya wachuluka kuposa muyezo poyerekeza ndi mafuta mu injini, ndipo kawirikawiri sensa imakhala ikunena zoona. Injini yotentha iyenera kukhazikika pakati pa 600 ndi 900 rpm.

Yambani ndi manambala a fuel trim pa makina a OBD-II, amene amaonetsa mafuta amene kompyuta ya galimoto ikuwonjezera kapena kuchepetsa. Akapitirira +10% galimoto itaima, koma n'kutsika mukaponda moto kufika 2,500 rpm, pali pena pamene mpweya ukulowa mozemba sensa ya MAF, yoyeza mpweya wolowa mu injini. Yang'anani mapaipi a labala ong'ambika, makamaka la PCV (lobweza utsi wa m'kati mwa injini kuti ukapse), ndipo tcherani khutu kumva kaphokoso ka mluzu. Manambala aja akakhalabe okwera ngakhale mwaponda moto, kaikirani MAF yakuda kapena pampu ya mafuta yofooka. MAF muitsuke ndi mankhwala ake opopera okha. Kawaya kake n'kosalimba, musakakhudze.

Sensa ya kutentha kwa madzi a mu injini muiyesenso m'mawa musanalize injini. Nambala yake iyenera kufanana ndi ya sensa ya kutentha kwa mpweya wolowa. Ikaonetsa -40°C, waya waduka kapena pulagi yachita dzimbiri.