Kwa achimwene a ku Limbe amene akulandidwa malaputopu pa eBay m'masekondi omaliza

Achimwene, mwafunsa zingapo pakamodzi: chifukwa chimene mukulandidwira katundu pa eBay (webusaiti yogulitsirapo katundu pa okushoni) okushoniyo itatsala pang'ono kutsekedwa, ngati ilipo pulogalamu yoti izikuponyerani mtengo yokha, komanso za magalimoto a ku Japan. Ine ndimagula malaputopu akale n'kumawakonza cha ku Ginnery Corner kuno, ndiye ndikhazikika pa malaputopuwo.

Amene akuuzani kuti mugule bandulo yaikulu n'kumangodina refresh mpaka kumapeto, athokozeni koma musawatsatire. Enanso akuti ndi eBay yomweyo imene ikukuberani. Ayi ndithu. Akukulandaniwo ndi ogula anzanu, kungoti iwo amabisa mtengo wawo mpaka kutatsala masekondi 5 kapena 6, kuti inu musapeze mpata wowonjezera. Amati sniping, ndipo malamulo a eBay saletsa zimenezi.

Ambiri amagwa chifukwa amaona ngati eBay ili ngati okushoni ya fodya ku Limbe, kumene mtengo umene wogula wavomera ndi umene amalipira. Pa eBay simulemba mtengo wolipira, mumalemba malire anu, ndalama imene simungapitirire zivute zitani. Nambala imeneyo ena saiona. Kompyuta yawo ndi imene imakukwezerani pang'onopang'ono mpaka pamalirepo. Tinene kuti inu mwalemba madola 150, mnzanu walemba 120. Laputopu ndi yanu, ndipo mulipira 122.50, chifukwa pakati pa madola 100 ndi 250 mtengo umakwera ndi 2.50. Ukakhala pakati pa 25 ndi 100 umakwera ndi dola imodzi, pakati pa 250 ndi 500 umakwera ndi madola 5. Ndiye mukaona kuti mwaluza ndi madola 2.50 okha, musadzipweteke mtima kuti zinatsala pang'ono. Wowinayo mwina analemba 200, kungoti nambala yake sinaoneke yonse. Wothamanga sindiye amawina. Amawina ndi amene walemba nambala yaikulu nthawi isanathe, kaya analemba dzulo kaya sekondi yomaliza.

Nanga bwanji osangolemba malire anu Lolemba n'kukagona? Zimene zinandichitikira ndi izi. Ndinapeza laputopu yabwino ya ThinkPad kwa wogulitsa wina wa ku UK, ndinalemba malire anga cha m'ma 180 kudakali masiku angapo, mtengo woonekera uli pansi pa 100. Kenaka inabwera akaunti ina yatsopano, yopanda mbiri iliyonse yogula, n'kuyamba kukweza pang'onopang'ono. Ikaponya, kompyuta indikwezera. Iponyanso, indikwezeranso. Inakwera choncho mpaka inadutsa nambala yanga, kenaka inabweza bid yakeyo (mtengo umene inaponya uja) ati inalakwitsa polemba. Apa n'kuti yadziwa kale pamene ine ndinalekezera. Patapita kanthawi inaponyanso, ulendo uno pansi pang'ono pa malire anga, n'kungoti zii. Ndinawina inde, koma ndinalipira pafupifupi ndalama yonse imene ndinalemba, pa makina amene akanatha kupita pa 120. Nditatsegula mndandanda wa oponya mitengo ndinaona kuti akaunti ija inkangoponya pa katundu wa wogulitsa yemweyo basi. Kaya anali mlamu wake, kaya anali iye mwini ndi foni yachiwiri. Mchitidwe umenewu eBay imaletsa, koma uli ku Blantyre ukadandaule mpaka liti, ndalama zitachoka kale pa khadi? Laputopuyo nditaikonza phindu lake silinakwane ngakhale ya minibasi ya mwezi umenewo. Kuchokera apo nambala yanga yeniyeni saiona munthu kudakali nthawi.

Ngakhale pasakhale wakuba, alipo ogula ena amene sadziwa okha kuti akufuna kulekeza pati. Akaona kuti mwawapitirira amawonjezera 5, muwapitirirenso awonjezeranso 5, mtima wokana kugonja basi. Mukaponya kutatsala masekondi ochepa, anthu amenewa amadzidzimuka zitatha kale. Si nkhani ya m'maluwa: mu 2002 akatswiri awiri a zachuma, Alvin Roth ndi Axel Ockenfels, anayerekeza eBay ndi okushoni imene Amazon inali nayo masiku amenewo. Ya Amazon sinkatsekedwa mpaka padutse mphindi 10 popanda woponya mtengo, pomwe ya eBay inkatsekedwa nthawi ikangokwana. Anapeza kuti kuponya mochedwa kunali kochuluka kwambiri pa eBay, ndipo ogula ozolowera ndi amene ankachita kwambiri zimenezi.

Pamenepa ndi pamene muyenera kusamala, chifukwa njira imeneyi imagwira pokhapo pamene nthawi yotsekera siisuntha. Pa Yahoo Auctions ya ku Japan, imene anthu kuno amaifikira kudzera ku makampani okugulirani katundu kumeneko ngati Buyee kapena ZenMarket, ogulitsa ambiri amatchera kuti munthu akaponya m'mphindi 5 zomaliza, nthawi iwonjezekere ndi mphindi 5 zina. Kumeneko kudikira sekondi yomaliza n'kungodzivutitsa, mnzanuyo apatsidwabe mpata wokuyankhani. Musanayambe kuwerengera masekondi pa webusaiti iliyonse, werengani kaye ngati nthawi yawo imawonjezekera. Za magalimoto ndingonena mwachidule: ku maokushoni aakulu a ku Japan ngati USS kumalowa madila olembetsa okha, galimoto imagulitsidwa m'masekondi ochepa, inu mumangouza ajenti malire anu pasadakhale. BE FORWARD ndi SBT zija si okushoni, mtengo ndi wolembalemba.

Tsopano pulogalamu. Kuponya ndi dzanja muli kuno sindikulimbikitsani. Netiweki imangofunika kutsamwa masekondi 3 okha, tsamba likamatseguka n'kuti zatha. Magetsi akathima rauta nayo yathima. Kuwonjezera apo pali nkhani ya nthawi. Ogulitsa a ku UK amakonda kutseka Lamulungu madzulo, ndipo 8 koloko ya ku London ndi 9 koloko yathu kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October, miyezi inayo ndi 10 koloko. Zimenezo n'zopiririka. Koma 7 koloko madzulo ku California kuno imakhala 4 kapena 5 koloko m'bandakucha. Munthu wodzidzimutsidwa ndi alamu nthawi imeneyo amalemba 1500 pofuna kulemba 150.

Ine ndimagwiritsa ntchito Gixen. Ndi yaulere, ndipo ili ndi mbali ina yolipira pachaka imene imaponya kuchokera pa makompyuta awiri kuti ina ikalephera inayo igwire. Alipo ena ngati Auction Sniper amene amadula kandalama pa chimene mwawina. Onsewa kagwiridwe kake n'kamodzi: mumaika nambala ya katunduyo, malire anu, ndi masekondi amene mukufuna kuti aponye nthawi isanathe. Kuponyako kumachitikira pa makompyuta awo kunja, ndiye foni yanu ikhoza kukhala yothima, inu muli mtulo ku Bangwe. Ine ndimasiya pa masekondi 6 kapena 8. Kutsitsa mpaka 1 kapena 2 ndi matama chabe, mpata woti bid isafike umakula pomwe palibe munthu angawerenge nambala yatsopano n'kuyankha m'masekondi 6. Chinanso chimene ndimaikondera, mutha kuika malaputopu angapo ofanana m'gulu limodzi, mukawina imodzi enawo amafufutika okha. Popanda zimenezo mudzadzuka mutawina atatu ndalama muli nazo za imodzi.

Koma pulogalamu yotere imafuna chilolezo choponya m'dzina lanu, ndiye onetsetsani kuti mwalowa pa webusaiti yake yeniyeni. Mapulogalamu a pa foni (ma APK) amene akuyendayenda m'magulu a WhatsApp olonjeza kuti muziwina nthawi zonse, musayerekeze. Munthu amene mwamupatsa pasiwedi ya eBay mwamupatsanso khadi lanu la ku banki limene lili m'menemo. Ndipo palibe pulogalamu imene ingakuwinitseni nthawi zonse. Wina akalemba 200 inu mwalemba 150, mwaluza basi, kaya mwaponya ndi chiyani.

Polemba malire, pewani nambala zosalala. Anthu ambiri amalemba 100, 120, 150. Inu lembani 151.37 kapena 153.80, chifukwa kupitirira malire obisika a mnzanu ngakhale ndi masenti ochepa kumakwanira. Mukafanana ndendende, amawina ndi amene anayamba kulemba, ndipo woponya kumapeto sangakhale woyamba. Dziwaninso kuti ngati mtengo woonekera wafika kale pa 150 inu mwaika 151, bid yanu ikanidwa chifukwa sinakwane 2.50 ija. Ndi bwino kusuzumirako kutatsala ola limodzi ngati muli maso.

Chimene chimapweteka anthu athu kwambiri n'chakuti pulogalamu imaponya bwinobwino koma eBay n'kuikana. Ogulitsa ambiri satumiza ku Malawi, ndipo amatha kutchinga aliyense amene adiresi yake ili m'dziko limene iwo satumizako. Ena amafuna kuti muikiretu khadi lolipirira musanaponye. Mukadikira sekondi yomaliza, zimenezi mumazidziwa zitatha kale. Ine ndimaponya kabid kakang'ono kwambiri ndi dzanja kudakali masiku, kongoyesa ngati chitseko n'chotsegula, kenaka nambala yeniyeni ndimaisiya ku Gixen. Ngati muli ndi m'bale ku UK kapena mumagwiritsa ntchito makampani olandirira katundu, ikani adiresi imeneyo kukhala yoyamba pa akaunti yanu musanayambe. Funsaninso za mabatire, onyamula katundu ena salola mabatire a lithium.

Ndiye nkhani ya forex, imene palibe wakuuzani mwa onse amene akulangizani. Kuwina n'kosavuta, kulipira ndiye ntchito. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiponso ndi kusowa kwa ndalama zakunjaku, mabanki amaika malire a ndalama zimene khadi lingalipire kunja, ndipo malirewo amasinthasintha. Pitani ku banki yanu mukafunse malire a mwezi uno musanaike nambala iliyonse. Mukawina osalipira m'masiku 4, wogulitsa amatha kuthetsa malondawo ndipo akaunti yanu imalembedwa chizindikiro. Zikachuluka, ogulitsa ena amakutchingani. Ndiye malire anu muziwerengera chobwerera m'mbuyo: yambani ndi mtengo umene laputopuyo ingagulidwe ku Limbe, chotsani phindu lanu, chotsani msonkho wa MRA, chotsani zotumizira, chotsani batire kapena kiyibodi yatsopano chifukwa chimodzi mwa ziwirizi chimafunika kawirikawiri, chotsaninso kusiyana kwa mtengo wa dola ngati mukudalira khadi la munthu wina. Chotsalacho ndiye nambala yanu. Laputopu imodzi yokha kuchokera ku UK zotumizira zimatha kudya theka la mtengo wake kapena kuposa, n'chifukwa chake ine ndimadikira akwane angapo kwa m'bale wanga n'kubwera pamodzi. Nthawi zambiri mukawerengera chonchi mupeza kuti ya madola 150 ija malire ake enieni ndi 90, ndipo mudzaluza maokushoni ambiri kuposa amene mudzawine. Zisakudandaulitseni, malaputopu a ThinkPad ndi a Latitude a m'maofesi amatuluka sabata iliyonse.

Mukaluza kenaka n'kulandira imelo yoti wowina uja wakana ndiye mugule inu, musayankhe pa imeloyo. Mwayi wachiwiri wotero ulipodi pa eBay, koma weniweni umaoneka mukalowa mu akaunti yanu, ndipo kulipira kwake ndi komweko. Akangotchula Western Union kapena kuti mukambirane pa WhatsApp, ndi akuba amenewo. Kwa wogulitsa aliyense muzitsegula mndandanda wa oponya mitengo pa katundu wake. Mukaona akaunti yopanda mbiri ikukweza timadola tiwiritiwiri, musiyeni ameneyo ngakhale makinawo akongole bwanji. Ine amene anandichita zija ndimamuonabe akugulitsa, ndimangodutsa.

Pomaliza pa malaputopu enieniwo, muziwerenga mawu onse a wogulitsa, osangoona zithunzi. Akalemba kuti for parts or not working, akunena zoona, ndipo simungadzadandaule kuti sikuyaka. Malaputopu ofunsa pasiwedi ya BIOS (yotsekera zosintha za m'kati mwa makinawo) musagule, makamaka ma ThinkPad atsopanoko, kuichotsa kwake kumadula kuposa phindu. MacBook kapena iPhone yomangidwa pa akaunti ya iCloud ya mwini wake wakale ndi ya mapatsi basi. Ndipo ngati mitengo ya ku UK ndi ya ku America yafanana, tengani ya ku UK. Chaja yake imabwera ndi pulagi ya mano atatu yolowa m'masoketi athu, simufunikanso kukasaka adaputa mumsika wa Limbe.