Defender Td5 ikunjenjemera: onani pulagi yofiira musanaigulitse

Funso: Amakaniko, ndili ndi Land Rover Defender 110 ya 2002, ya injini ya Td5. Ikatentha imanjenjemera ngati silinda imodzi yafa, ndipo pachitunda imatha mphamvu. Fyuluta ya dizilo ndinasintha koma sizinathandize. Alamu anga akuti ndiigulitse, ndisunge ndalama zodzagulira Defender yatsopano ija. Nditani?

Yankho: Achimwene, fyulutayo musiyeni. Chotsani mpando wa dalaivala, m'bokosi la pansi pakepo muli ECU, kompyuta ya injini. Ili ndi mapulagi awiri, ina yakuda, ina yofiira. Masulani batire, kenako zulani yofiirayo, muiwunike ndi tochi. Mukaona timapini tanyowa ndi oyilo wakuda, matenda ndi omwewo.

Pa Td5, mawaya a mainjekita amakhala pansi pa chivundikiro cha pamwamba pa injini, m'kati mwa oyilo. Labala yotseka ikatha, oyilo amalowa m'waya n'kumakwera pang'onopang'ono, monga momwe palafini amakwerera m'chingwe cha koloboyi, mpaka kukafika ku ECU. Magetsi opita ku mainjekita amasokonekera, silinda n'kumadumpha. Zimandipweteka kuona munthu atagula pampu kapena mainjekita, ndalama zambirimbiri, asanazule pulagi imeneyi, ntchito ya mphindi zisanu. Sinthani mawaya a mainjekitawo, tsukani pulagi ndi contact cleaner, mankhwala opopera otsukira zamagetsi, ndipo pakatha sabata mutsukenso chifukwa oyilo wotsalira m'mawaya amapitiriza kutuluka. Musagule mawaya otchipa opanda dzina. Labala yake sichedwa kuuma, mudzabwereranso kugalaja ndi vuto lomwelo.

Pulagi ikakhala youma, muone fuel pressure regulator, kachipangizo kolamulira mphamvu ya dizilo wopita ku mainjekita, kumbuyo kwa injini ngati ikudontha, kenako pampu ya m'thanki.

Za alamu anuzo. Dzina n'lomwelo koma galimoto n'zosiyana. Land Rover yoyamba ya 1948, yopangidwa ku Solihull ku England, inali ya alimi, yokoka pulawo ndi kunyamula matumba. Dzina loti Defender linabwera mu 1990. Injini zakale za 200Tdi ndi 300Tdi munthu ankakonza pansi pa mtengo ndi masipanala okha. Injini ya Td5 ngati yanuyo, yomwe inayamba mu 1998, ndi yomwe inabweretsa kompyuta yolamulira mainjekita, koma chasisi ikadali yachitsulo yowotchereka, mabodi omanga ndi mabawuti. Kampaniyo inadutsa m'manja mwa BMW mu 1994, Ford mu 2000, kenako Tata Motors ya ku India mu 2008, ndipo Defender yakale inasiya kupangidwa mu Januwale 2016.

Yatsopanoyo, imene anaionetsa ku Frankfurt mu 2019, imapangidwa ku Nitra ku Slovakia. Ilibe chasisi yapayokha, thupi lonse ndi aluminiyamu, makompyuta ali paliponse. M'matope imayenda bwino kwambiri, sindikana. Koma anaipangira munthu wofuna mipando yachikopa ndi sikirini, yemwe ikavuta amaitana lole yodzainyamula. Ikakuferani kumudzi nthawi ya dzinja, makaniko wa pamsika sangaigwire popanda makina owerengera makompyuta ake.

Ngati galimotoyo imanyamula feteleza ndi chimanga, isungeni. Zulani pulagiyo mawa m'mawa, mundiuze ngati yanyowa.