Kubindikira m'mlengalenga kumafikadi mpaka m'maselo

Achimwene, mwafunsa ngati kukhala miyezi yambiri m'kachipinda ka m'mlengalenga, kutali ndi abale, kumakhudza maselo, tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi, kapena kumangovutitsa maganizo basi. Kumakhudzadi. Vuto n'lakuti kumwambako zinthu zimabwera pamodzi: kusungulumwa, kusowa kulemera kwa thupi, ndi cheza choopsa. Kudziwa chimene chalakwitsa kwenikweni si ntchito yamasewera.

Scott Kelly wa ku America anakhala masiku 340 pa ISS, siteshoni ya m'mlengalenga imene imazungulira dziko, kuyambira mu 2015, pamene mapasa mnzake Mark anatsala pansi pano. Akatswiri ankayembekezera kuti ma telomere ake, tizivindikiro toteteza kumapeto kwa DNA timene timafupika munthu akamakalamba, afupika. Koma ayi, anatalika! Scott atangotera, ma telomerewo anafupikanso pasanathe masiku awiri. Choncho musamvere onena kuti anabwerako atatsitsimuka ngati mwana.

Kwa ine umboni wogwira mtima uli ku Antarctica, dera lozizira kwambiri la kummwera kwenikweni kwa dziko, chifukwa kumeneko anthu amabindikiranso koma kulemera kwa thupi kulipo ngati kwina kulikonse. Mwa anthu asanu ndi anayi amene anakhala miyezi 14 pa siteshoni ya Germany ya Neumayer III, amene anaunikidwa ubongo anapezeka kuti kachigawo ka ubongo kothandiza kukumbukira kachepa, komanso puloteni yotchedwa BDNF, imene imasamalira maselo a ubongo, inatsika m'magazi.

Nkhawa ikakhalitsa, chitetezo cha m'thupi chimafookanso. N'chifukwa chake kachilombo koyambitsa mashingozi, kamene kamagona phee m'mitsempha kwa zaka, kamadzuka n'kupezeka m'malovu a ena mwa opita kumwambawa, ngakhale iwowo sakumva kudwala.