Kodi tiitane munthu wakunja kudzagulitsa katundu wa malemu?

"Agogo, bambo athu anamwalira miyezi iwiri yapitayo. Asiya galimoto, mipando, zida za ukalipentala ndi mabuku odzaza chipinda. Ana tilipo anayi ndipo tikukhala motalikirana. Ine ndikufuna tipeze katswiri atigulitsire, koma amalume akuti n'kutaya ndalama, komanso n'chipongwe kuti mlendo azigwiragwira katundu wa malemu. Achimwene akuti tingojambula zithunzi n'kuika pa Facebook. Titani?"

Pepa ndi zovutazi, mdzukulu wanga. Ndiyambe ndi funso limene sunandifunse: ndani mwa inu ali ndi mphamvu yogulitsa? Kukhala mwana wa malemu pakokha si chilolezo ayi. Ngati bambo ako anasiya wilo, muli dzina la munthu amene anamusankha kuyendetsa chumacho, ndipo kawirikawiri khoti liyenera kuitsimikiza wiloyo kaye. Ngati palibe wilo, woyang'anira amachita kupatsidwa kalata ndi khoti kapena ofesi yoona za chuma cha masiye. Malamulo ake amasiyana dziko ndi dziko, n'chifukwa chake katswiri woyamba kumuona ndi loya, wa okushoni abwere pambuyo. Galimoto imene ikadali m'dzina la malemu simungaisinthe umwini ndi mawu apakamwa. Ngongole zimene bambo anasiya zimabwezedwa kuchokera pa chuma chomwecho ana musanagawane, ndipo mukafulumira kudya ndalamazo, angongole akadzafika amene adzavutike ndi woyang'anira uja.

Amalume ako usawanyoze. Akulira mlamu wawo, ndipo zimapweteka kuona munthu wosadziwa n'komwe dzina la malemu akumata mitengo pa mpando umene ankakhalira. Koma pa nkhani ya ndalama sindikugwirizana nawo. Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Inu mukaona bokosi la zida lija mukuona bambo anu, ndiye mutchula mtengo wokwera woti palibe angagule, kapena mungolipereka motchipa kuti lichoke m'maso. Wodziwa mitengo amatembenuza pulena n'kuwerenga chizindikiro cha amene anaipanga, amaona ngati machizulo ali onse, amatsegula buku n'kuyang'ana chaka chimene linasindikizidwa. Ntchitoyi si ya dzulo: kampani ya Sotheby's ku London inayamba mu 1744 ndi okushoni ya mabuku basi.

Chachikulu kwa ine si mtengo, koma ubale wanu. Achimwene ako akagulitsa okha galimotoyo, ngakhale atachita mwachilungamo chotani, padzapezeka mlongo wonena kuti ina anaika m'thumba, ndipo mawu amenewo sachoka msanga pabanja. Wakunja alibe mwana wokondedwa pakati panu. Amalemba, amapereka risiti, aliyense n'kuwerenga yekha.

Komatu usamukhulupirire ngati m'bale. Asanalowe m'nyumba, lembani katundu yense, mujambule zithunzi, ana nonse anayi mukhale ndi ndandanda womwewo. Funsani akatswiri awiri kapena atatu, ndipo muyankhule ndi mabanja amene anawagwirirapo ntchito. Mgwirizano ukhale wolembedwa: komishoni yake ndi maperesenti angati, ndani alipire zonyamulira ndi zotsatsa malonda, ndalama zidzafika liti, nanga zotsala osagulidwa zidzapita kuti. Pa zinthu zodula muike mtengo woti asatsike kupitirira pamenepo. Chenjera kwambiri ndi munthu amene akuwerengera mtengo kenako n'kunena kuti agula yekha zonse pakamodzi. Ameneyo phindu lake lili pa kutchipa kwa katunduyo. Ndalama zilowe mu akaunti ya chuma cha malemu kapena mwa loya, osati mu akaunti ya mmodzi wa inu, ngakhale akhale woyamba kubadwa.

Si zonse zofunika katswiri. Mapoto, makatani ndi zovala mukhoza kugawana kapena kupatsa osowa, woyang'anira akavomereza. Facebook ya achimwene ako igwire ntchito pa tinthu totere.

Amayi anu sunawatchule. Ngati alipo, palibe supuni ituluke asananene mawu awo, chifukwa katundu wina m'nyumbamo ndi wawo, si wa masiye. Ndipo musanaitane aliyense, khalani pansi aliyense asankhe chokumbukira bambo ake, amalumenso muwapatse mpata asankhe. Zithunzi, makalata ndi ziphaso muchotseretu. Pisani m'matumba a majekete, kutumulani mabuku limodzi ndi limodzi, tsegulani madilowa onse mpaka kumbuyo. Anthu a msinkhu wathu timabisa ndalama ndi mapepala ofunika m'malo oterewa. Foni ndi kompyuta zisagulitsidwe musanasunge zimene zilimo n'kuzifufuta.

Tsiku lowerengera mitengo uwapemphe amalume adzakhalepo monga mboni ya banja, ndipo ndandanda uja adzasainirenso iwo.